Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Kamsoti kamene ndinakaphunzitsa kuima

Gawo lapitalo ndinalekezera pamene ndinafika pa famu ija kumpoto kwa Pretoria, nditatopa ndi maganyu a mmagadeni ku Joni. Ambiri mwandifunsa kuti munthu wa ku Ntcheu woti anakulira kuweta ng'ombe ndi kuyendetsa ngolo zinatheka bwanji kuti akhale pamsana pa hatchi, nde lero ndikuuzeni za kamsoti kamodzi, chifukwa popanda iko sindikanadziwa chilichonse cha ntchito imeneyi.

Pa famupo ankaweta mahatchi a mtundu wa Quarter Horse. Mtunduwu ndi wa ku America, dzina lake linachokera pa mipikisano yothamanga kamtunda kafupi, kota ya mailo imodzi, pafupifupi mamita 400. Si ataliatali ngati mahatchi a njuga mumawaona pa TV aja ayi, ndi ojintcha, matako ake odzadza nyama zedi, ndipo mphamvu yonse ili kumbuyoko. Bwana wathu anali mzungu wachibunu amene anakakhalako ku Oklahoma ali mnyamata, ndiye mtima wake wonse unali pa masewera otchedwa reining, oonetsa mmene hatchi imamvera woikwera. Mu ofesi mwake munali mapepala a hatchi iliyonse ochokera ku bungwe lolembetsa mahatchi a mtunduwu la AQHA la ku Amarillo, Texas, lija linayamba mu 1940, ndipo ankatha kukutchulira makolo a hatchi mpaka agogo a agogo ake pamene tsiku lobadwa la mwana wake weniweni amachita kukumbutsidwa ndi madamu.

Kuweta kwake sikongophatikiza yamphongo ndi yaikazi basi. Asanasankhe ankazula tsitsi la kumchira nkulitumiza kukayezetsa, chifukwa mtunduwu uli ndi matenda oyenda mmagazi. Ena ndi HYPP, amene anachokera kwa hatchi yamphongo imodzi yotchuka dzina lake Impressive, hatchi imangoyamba kunjenjemera minofu mwina mpaka kugwa. Ena ndi HERDA, khungu limasupuka pamsana pomwe pamakhala chishalo pomwepo, ndipo nthawi zambiri umadzazindikira hatchi itakula kale mwayamba kuikwera, ndalama zonse zitapita. Ine poyamba ndinkaona ngati ndi zachizungu chabe, kwathu nkhunzi timangoiona ndi maso kuti iyi ndi yabwino. Koma nditaona mmene bwana anakanira kugula yamphongo yokongola kwambiri chifukwa cha pepala limodzi lokha, ndinasiya kutsutsa.

Munthu amene anandiphunzitsa ntchito anali madala ena a ku Mzimba, anali atagwira za mahatchi zaka zoposa 20, osalankhulalankhula. Tinkagona moyandikana ndi makola, ndipo nyengo yoswa ikafika, kuyambira September, tinkasinthana kulonda usiku. Bere la hatchi limatenga miyezi 11, masiku ngati 340, koma kuswa kwenikweniko ndi kwa mphindi zochepa ndipo imakonda usiku kukakhala zii. Usiku umenewo unali wanga. Cha mma 2 koloko ndinamva mayi wa kamsoti kaja akupalasa utuchi, akugona nkudzukanso, thukuta lili kamukamu mkhosi, nditawalitsa tochi ndinaona kachiboda kamodzi katatuluka, kenako kachiwiri kumbuyo kwake pang'ono, kenako mphuno. Ndinafuna kulowa kuti ndikoke monga tinkachitira ndi ng'ombe kwathu, madala anangondigwira phewa. "Khala pansi mphwanga, miyendo yabwera bwino, usamusokoneze." Tinakhala pa ndowa zovundikira tikungoyang'ana. Kanatuluka konyowa, kofiira ngati dothi la katondo, kachizindikiro koyera pamphumi. Madala anayang'ana wotchi nkundiuza kuti ola loyamba kaime, lachiwiri kayamwe mkaka woyamba wachikasu uja, lachitatu nsengwa ikhale itatuluka, china chikalephereka timudzutse bwana aimbire dokotala wa ziweto. Kanagwa katatu, miyendo ili tang'atang'a, kachinayi kanaima. Dzina la pa mapepala linali lalitali lachingerezi, ine ndinkangokatchula kuti Chiphadzuwa ndipo kanazolowera.

Zaka ziwiri zoyamba palibe zambiri zoti ndinene. Kanasiya kuyamwa katakwana miyezi 6, kanaphunzira kuvala chingwe kumutu, kutsogozedwa, kupereka mwendo kwa wosula ziboda. Ntchito yaikulu inali kukateteza ku matenda a African horse sickness amene amabwera ndi tintchentche ting'onoting'ono toluma madzulo ndi mbandakucha nthawi ya mvula. Katemera tinkabaya pakati pa June ndi October, ndipo dzuwa lisanalowe hatchi iliyonse ikhale ili mkhola, kutuluka dzuwa litakwera. Tsiku lililonse, ngakhale pa Khrisimasi.

Katakwana zaka 2 tinayamba kukalowetsa mu kabwalo kozungulira, kenako chishalo, kenako munthu. Chishalo cha western nde ncholemera abale, chachikopa chokhuthala, chili ndi kanyanga kutsogolo komwe abusa a ng'ombe aku America amakulungapo chingwe. Bwana ataona kuti kamsotika kakamva mawu anga kamadekha, anati iwe ndiwe ukakwere. Sindinagone usiku umenewo.

Mu reining hatchi imayenda njira yolembedwa kale, mabwalo aakulu mothamanga, ang'ono pang'onopang'ono, kusintha mwendo wotsogola ili mkati mothamanga, kuzungulira pamalo amodzi ngati nguli, kubwerera mmbuyo, ndiye pali chimene anthu amaimirira nacho mmipando, kuima kotsetsereka. Hatchi imabwera ndi liwiro, wokwera nkungokhazikika mchishalo nkunena kuti whoa, iyo imapinda msana, miyendo yakumbuyo imalowa pansi pa mimba nkumatsetsereka pa mchenga pamene yakutsogolo ikuyendabe, mchenga uli kobo mmbali. Kumiyendo yakumbuyo amaikako zitsulo zapadera zosalala, zotambalala, kuti zisakumbe pansi. Woweruza amayambira pa 70, pa chilichonse chimene hatchi yachita amatha kuwonjezera kapena kuchotsa, kuyambira theka mpaka 1 ndi theka, ndipo chimene amafuna kuona ndi hatchi yochita zonsezi mwa kufuna kwake, ngati palibe amene akuiuza.

Apa mpamene ndinalakwitsa, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Bwana anapita ku Cape Town sabata ziwiri. Chiphadzuwa anali atayamba kuima bwino pa liwiro laling'ono, ine mtima unathamanga, ndinkafuna bwana akabwera apeze mizere itali pa mchenga adziwe kuti sanalakwitse kundisankha. Nde ndinayamba kumuthamangitsa kwambiri, ndipo mmalo modikira kuti amve mawu ndinkakoka zingwe mwamphamvu, kakhumi mwina kuposa pa tsiku. Masiku 5 okha. Tsiku la 6 tikungoyamba kuthamanga molunjika ndinamva thupi lake lonse likuuma pansi panga, mutu mmwamba, kukamwa yasa, anaima ndi miyendo yakutsogolo moti ndinagunda kanyanga kaja ndi mimba. Nditatsika ndinaona pakona pa mlomo pake patasupuka. Ndinatambasula dzanja kuti ndimusisite, anabweza mutu. Hatchi imene ndinaiona ikubadwa, imene inkanditsatira mmunda popanda chingwe, inandithawa dzanja.

Madala anaona zonse ali pa mpanda. Sanandikalipire, bola akanandikalipira. Madzulo tikudya nsima anangoti, "Mphwanga, kuima kumayenera kukhala malo ake opumira. Iwe wapasandutsa pomenyedwera. Ukuganiza azipafuna?" Ndinati nanga nditani bambo, bwana akubwera Lachisanu. Anati ukamuuze wekha asanaone.

Ndinamuuza. Anafiira nkhope, analowa mkhola, anatsegula mlomo wa hatchi nkuyang'ana nthawi yaitali, kenako anatuluka osandiyankha. Mmawa mwake ndinapeza pa msomali wa khola pali bosal, chija chachikopa cholukidwa chimene chimagwira pamphuno popanda chitsulo mkamwa. Anati uyambirenso, ndipo ndisakuone ukuthamanga mpaka nditanena ine.

Tinatha miyezi 3 tikungoyenda. Kuyenda, ndikhazikike, nditulutse mpweya, ndinene whoa motsitsa, akaima ndimasule zingwe zonse nkukhala phee mwina mphindi 2, ndikumukanda pakhosi, osamupempha kanthu. Anyamata anzanga ankadutsa ndi mawilibala a manyowa nkumandiyang'ana ngati ndapenga. Sabata zoyamba ankaima koma khutu lili kumbuyo kudikira ululu. Tsiku lina mu August, kukuzizira kwambiri, nthunzi ikutuluka mmphuno mwake, ndinangoti ndakhazikika mawu ndisanatulutse nkomwe, anaima yekha, nkutsitsa mutu, nkupuma mpweya wautali uja umachita kugwedeza chishalo, nkuyamba kunyambita milomo. Ndinalira pamsana pakepo, sindibisa.

Ku America mahatchi a zaka 3 ndi amene amapikisana pa mpikisano waukulu wa reining wotchedwa NRHA Futurity ku Oklahoma City kumapeto kwa chaka, ndipo bwana ankakonda kutionetsa mavidiyo ake pa laputopu. Chiphadzuwa chifukwa cha ine anachedwa, analowa mpikisano wake woyamba ali ndi zaka 4, kampikisano kakang'ono konkuno ku Gauteng. Anakwera ndi mwana wamkazi wa bwana, ine ndinali pa geti ndi ndowa ndi bulashi, monga zimakhalira ndi ife ma groom, osamalira mahatchi. Pa kuima komaliza mtsikanayo sanakoke nkomwe, dzanja linali pansi pa khosi, ndinangomva whoa, mchenga nkuwuluka. Analengeza 70 ndi theka. Sanawine, anakhala nambala 3. Anthu atabalalika ndinalowa mu bwalo ndi reki ngati ndikukasalaza, koma ndinkafuna ndione mizere ija ndisanaifufute, iwiri, yowongoka bwinobwino, ndinaiyeza ndi mapazi anga inakwana 14.

Potuluka ndinapeza bwana akulankhula ndi munthu wina wa chipewa chachikulu amene ankayang'ana miyendo ya Chiphadzuwa mmodzimmodzi, ndipo madala atandiona anayang'ana kumbali. Za kugulitsidwa kwake, ndi mmene ndinapezekera mu lole yomuperekeza mpaka ku Free State, ndidzalemba mu gawo 10 Loweruka likubwerali ndikaweruka msanga.