Foni yatsopano ndi usiku wake woyamba

Loweruka lapitali ndinagula foni ya Samsung Galaxy A15 nditatopa ndi yakale ija, imene galasi lake linali long'aluka ndipo batire yake inkatha dzuwa lisanafike paliwombo. Nditaiyatsa inandifunsa chinenero, kenako Wi-Fi, ndipo poti kunyumba kwathu kulibe, ndinaikamo simu khadi ndi kugula bandulo yaikulu, chifukwa tsiku loyamba foni ya Android imakoka mapulogalamu ambiri pa intaneti.

Pamene ndinatuluka thukuta ndi pa akaunti ya Google. Mawu achinsinsi ndinali nditawaiwala kalekale, popeza mphwanga ndiye ananditsegulira akauntiyo mu 2020, ndipo ndinakhala pamkeka ola lathunthu ndikufwanthula zikwama mpaka ndinapeza kabuku kamene ndinawalembamo, katapanikizika pakati pa malisiti akale a fetereza. Nditangolowa, manambala a abale onse anabwerera okha, ndipo mauthenga a WhatsApp anatsatira kuchokera ku Google Drive, malo osungirako zinthu pa intaneti. Zithunzi za ukwati wa mchemwali wanga ndinachita kuzisamutsa ndi memori khadi.

Chimene chandisangalatsa kwambiri ndi chakuti foniyi imatseguka ndikangoika chala pa batani la m'mbali, ngakhale imakana chala chikakhala chonyowa, monga ndinaonera nditangomaliza kutsuka mbale. Batire yake ya 5000 mAh yapirira kuyambira m'mawa mpaka usiku magetsi atazima, koma chingwe chake chotchajira ndi cha mtundu wa USB-C, wosiyana ndi wa foni yakale, choncho matchaja atatu akale amene ndinasunga m'kabati ndawapereka kwa mphwanga yemwe uja.