Kujambula makoma a ku Libala

Temu ino aphunzitsi athu a zojambulajambula anatipatsa mutu wa nyumba zogona anthu m'madera ozungulira tauni ya Lusaka. Anatiuziratu kuti tisathamangire Findeco House kapena nyumba zosanja za mu Cairo Road. Akufuna nyumba wamba, ya khonde ndi chingwe choyanikapo zovala kuseri.

Tinayamba ndi kuona zimene amisiri akunja anachita. Dan Graham wa ku America mu 1966 anatulutsa m'magazini ntchito yotchedwa Homes for America, zithunzi za nyumba za ku New Jersey zondandalikana m'mizere, mapulani ochepa obwerezedwa kambirimbiri, wogula n'kungosankha imodzi mwa mapulaniwo ndi mtundu wa penti. Gordon Matta-Clark mu 1974 anapeza nyumba yoyembekezera kugwetsedwa ku Englewood, ku New Jersey komweko, n'kuicheka pakati ndi sowo kuyambira kudenga mpaka pansi. Koma amene ntchito yake yandikhala mumtima ndi Rachel Whiteread. Mu 1993, kum'mawa kwa London, anapopera konkire m'zipinda zonse za nyumba yakale, itauma n'kugumula njerwa zakunja. Chinatsala ndi m'kati mwa nyumbayo mutaima pabwalo, mawindo ndi zitseko zitadindika pakonkire. Chaka chomwecho analandira Turner Prize, mphoto ya zaluso ya ku Britain, ndipo mu January 1994 khonsolo inagwetsa ntchitoyo. Ndikamaona zithunzi zake ndimaganiza za banja limene linkaphika ndi kugona m'zipindazo.

Nanga kuno kwathu? Ife nafenso tili nazo nyumba zofanana, koma mbiri yake ndi ina. Likulu litachoka ku Livingstone kubwera ku Lusaka mu 1935, tauni inakonzedwa ndi maganizo a Stanley Adshead, katswiri wa mapulani a matauni wa ku Britain, kuti ikhale ya mitengo ndi mabwalo aakulu. Mabwalowo anali a azungu. Munthu wakuda ankamuona ngati wantchito wodzabwerera kumudzi, n'chifukwa chake ku Kabwata anamangirako amuna timanyumba tozungulira ta chipinda chimodzi, tina mwa ito n'timene tasungidwa ku Kabwata Cultural Village. Pambuyo pake kunabwera nyumba za khonsolo ku Chilenje, Matero ndi Libala, zofanana kukula, zofanana mawindo. Ndiye mu 1996 boma la a Chiluba linalamula kuti nyumba za khonsolo zigulitsidwe kwa amene ankakhalamo, ndipo anthu atadziwa kuti nyumba ndi yawo anayamba kuwonjezera.

Apa m'pamene ndinasiyana ndi Graham. Iye ankajambula kufanana. Ine ndikayenda ku Libala ndimaona mmene anthu anathetsera kufananako, aliyense malinga ndi thumba lake.

Azakhali anga amakhala m'nyumba yotere, ndipo anandilola kuizungulira ndi mapepala anga. Kumbali ya kukhitchini kuli mzere woonekeratu pamene khoma la khonsolo linathera ndi pamene mabuloko atsopano anayambira. Pulasitala wakale ndi wosalala, wapentedwa kangapo, moti ukakanda pang'ono ndi chikhadabo umapeza mtundu wina pansi pake. Watsopano ndi wamchenga, wokhakhala, wosapentedwa n'komwe. Zenera lakale ndi laling'ono, lachitsulo; la chipinda chowonjezera ndi lalikulu, la aluminiyamu. Ndinafunsa kuti, "Azakhali, chipinda ichi munamanga liti?" Sanatchule chaka. Anati ndi nthawi imene amalume analandira penshoni, ndipo chakuseri chija, chimene muli alendi, chinamangidwa mwana wawo woyamba atayamba ntchito. Kantemba ka pampanda kanabwera komalizira. Khoma lililonse ankalikumbukira ndi ndalama imene inalimanga komanso munthu amene anaibweretsa.

Njira imene ndasankha ndi yosavuta. Ndimagoneka pepala pakhoma, pa mzere wolumikizira paja, n'kumakhutiza khala mopepuka mpaka maonekedwe a pulasitala atuluke papepala. Makala a pambaula amathothoka msanga, choncho ndimasankha zidutswa zolimba. Mbali ya khoma lakale imatuluka yotuwa mofanana, mbali yatsopano imatuluka ndi timadontho takuda tothithikana. Sindijambula denga kapena chitseko, komabe anzanga m'kalasi amene anakulira m'nyumba za khonsolo anazindikira msanga chimene akuona.

Mpanda nawo wandivutitsa maganizo. Kumayadi ngati ku Kabulonga munthu woyenda pansi saona nyumba, amangoona mpanda wa mabuloko, waya wamagetsi pamwamba ndi geti lachitsulo. Tsopano mipanda yafika m'makomboni momwe. Ndimamvetsa chifukwa chake, akuba alipodi, koma zimandimvetsa chisoni kuti khonde limene anthu ankapatsiranapo moni labisika.

M'misika ya zaluso mumachuluka zithunzi za nyumba zaudzu, njovu ndi dzuwa likulowa, poti ndi zimene alendo amagula. Sindinyoza amisiriwo, nawo ali ndi ana oti adyetse. Koma ambiri a ife obadwira mu Lusaka tinakulira pa simenti ndi malata, ndipo ndikufuna kuti zimenezi zionekenso pa makoma a Henry Tayali Gallery ku Showgrounds.

Gawo lachiwiri la ntchitoyi ndikachitira ku Kanyama, kumene madzi amasefukira nthawi yadzinja ndipo ena amakweza pakhomo ndi mabuloko kuti asalowe m'nyumba. Ndiyenera kupitako mvula isanayambe, chifukwa khala siligwira papepala pamene khoma lanyowa.