Linthumbu la ku Likhubula linandilanda phunziro

Ndine mphunzitsi wa Bayoloje pa sukulu ina ya sekondale, ndipo kwa zaka zambiri ndakhala ndikuphunzitsa za kudalirana kwa zomera ndi nyama pogwiritsa ntchito choko ndi bolodi basi. Choncho a hedi atavomera kuti ophunzira a Fomu 3 apite kuphiri la Mulanje kukaona ndi maso awo zimene amangoloweza m'makope, ndinaona kuti nthawi yoti anawo adziwe kuya kwa nzeru zanga yakwana. Ndinavala buluku lakuda losita bwino, malaya oyera ndi tayi, pakuti ndinkakhulupirira kuti mphunzitsi sayenera kutaya ulemu wake ngakhale ali m'thengo. Madamu a Jogalafe, amene anatsagana nafe, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kundifunsa ngati ndikukafunsira mbeta, koma ine sindinawayankhe.

Tinafika pa Likhubula m'mawa wina m'mwezi wa June, chiperoni chikuwaza pang'onopang'ono, ndipo tinapeza bambo wina wa komweko woti atitsogolere ku mathithi a Dziwe la Nkhalamba. Bamboyo anali wodziwa kukamba nkhani. Anauza anawo kuti nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, kuti nkhalangoyi inayamba kutetezedwa ndi boma mu 1927, komanso kuti makolo amati munthu akapeza chakudya m'phirimo azingodya osaitana mnzake kapena kufunsa mwini wake, popeza amakhala atakonza ndi mizimu. Anawo ankamumvetsera kukamwa kuli yasa, zimene sindinazionepo m'kalasi mwanga, ndipo nsanje inayamba kundidya.

Titafika pamthunzi wina pafupi ndi mtsinje, ndinalamula kuti aliyense aime ndi kutulutsa kope. Ndinaika kontena yanga ya mpunga ndi nkhuku pamwala, ndinasankha malo okwera pang'ono kuti onse azindiona, ndipo ndinayamba phunziro la mkungudza wa Mulanje. Ndinafotokoza kuti asayansi amautchula kuti Widdringtonia whytei, kuti mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko lapansi koma pamwamba pa phiri limeneli, ndiponso kuti matabwa ake onunkhira, amene chiswe sichiwadya, ndiwo aupalamulira tsoka, chifukwa ocheka mozemba pamodzi ndi moto wolusa autha mpaka kafukufuku wa mu 2017 anangopeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Mawu ankatuluka bwino moti ndinayamba kudzisirira ndekha.

Wotitsogolera uja anakweza chala nati, "Aphunzitsi, pepani, mwina mukanasunthira kuno pang'ono." Ine ndinamuyankha monga ndimayankhira ana osokoneza, kuti mafunso onse abwera pamapeto.

Amene analionapo linthumbu akudziwa kuti siliyamba kuluma likangokwera. Limayenda mwakachetechete m'sokosi, n'kudutsa m'mawondo mpaka kufika kumene munthu sangakande pagulu, ndipo likakhazikika m'malo onse limaluma nthawi imodzi. Ndinali ndikunena kuti cholengedwa chilichonse, ngakhale chochepetsetsa, chili ndi ntchito yake, pamene loyamba linandigwira pantchafu. Ndinatsokomola n'kupitiriza. Lachiwiri linagwira pamwamba pake, ndipo mawu anga anakwera okha osawatuma. Ndinayesa kupondaponda pansi ngati ndikutsindika mfundo, kenako ndinayamba kudzimenya m'matumba, ndipo mtsikana wina wa kutsogolo, yemwe amalemba chilichonse chimene ndanena, anafunsa mwaulemu ngati mawu akuti "mayo ine" ndi mbali ya dzina la sayansi la mtengowo.

Nditayang'ana pansi ndinaona kuti ndaima pakati penipeni pa mzere wa linthumbu, nsapato zonse zili bii, ndipo asilikali ake a mitu ikuluikulu, amene amalondera m'mbali mwa mzere, anali atayasamula mano. Ulemu unathera pomwepo. Ndinataya kope ndi kuthamangira patchire lowirira limene ndinaliona pafupi, lamba ali kale m'manja, pamene wotitsogolera ankakuwa kumbuyo kuti, "Osati uko, aphunzitsi, osati uko!" Ine ndinkaganiza kuti akunena za njoka, ndipo panthawi imeneyo njoka sinali vuto langa lalikulu.

Ndinavula buluku, n'kulikoloweka pa chingwe china choyanga pamtengo, ndipo ndinayamba kuzula linthumbu limodzilimodzi, ntchito yovuta chifukwa msilikali ukamukoka thupi limaduka mutu n'kutsalira pakhungu. Nditamaliza ndinakutumula bulukulo mwamphamvu, ndinavalanso, ndipo ndipamene ndinaona nyemba zopindika zaubweya wofiirira zikulendewera pamwamba pa mutu wanga. Chinali chitedze. Chaka chilichonse ndimalemba pabolodi kuti Mucuna pruriens imadziteteza ndi tiubweya toyabwa timene timakhala pamakoko ake, ndipo ndakhala ndikupereka malikisi kwa ana olemba zimenezi molondola, koma tsiku limenelo ndinazindikira kuti mawu akuti "kuyabwa" ndi ochepa kwambiri. Linthumbu linkaluma pamalo odziwika, pamene chitedze chinagwira miyendo, msana ndi m'khosi momwe munali tayi, osadziwa kuti dzanja liyambire pati.

Ndinatuluka patchirepo ndikuvina gule amene alibe ng'oma. Wotitsogolera anathamangitsa ana onse kuti akadikire kutsogolo, anandivula malaya ndi buluku lomwe lija, n'kuyamba kundikhula ndi dothi, uku akundilangiza mofatsa kuti ndisakande. Anandifotokozeranso kuti linthumbu ndi lothandiza chifukwa limasesa tizilombo tambiri m'nkhalango, ndipo ndinamupempha kuti phunziro limenelo alisunge kaye. Zovala zanga zinali zosavalikanso, kotero Madamu anamasula chitenje chimene anakulunga pamwamba pa diresi lawo n'kunditumizira, ndipo ulendo wotsala wokafika ku Dziwe la Nkhalamba ndinauyenda nditamanga chitenje chamaluwa m'chiuno, nsapato zakuda kumapazi, thupi lonse lili mbuu. Alendo ena ochokera kunja amene tinakumana nawo panjira anandipempha kuti andijambule, poganiza kuti ndine sing'anga wa m'phirimo.

Kuyabwa kutayamba kuchepa njala inandigwira, ndipo ndinatuma mnyamata wina kuti akanditengere kontena yanga imene ndinaisiya pamwala paja. Anabwera nayo ili yopepuka, m'kati mutangotsala fupa limodzi loyeretsedwa bwino. Nditafunsa amene wachita zimenezi, mnyamatayo anagwira manja kumbuyo, milomo ikunyezimira mafuta, ndipo anayankha mwaulemu wonse kuti, "Aphunzitsi, ife tinachipeza pamwala popanda munthu, ndipo atitsogoleri anatiuza kuti chakudya cha m'phiri muno sitifunsa mwini wake."