Abwana anati ndipeze jeti, koma itera pati?

Pa gulu lathu la WhatsApp la anyamata amene tinaphunzira limodzi ku sekondale wina anaponya chithunzi dzana, mzungu ndi kagalu kake akukwera kajeti koyera kuthawa nkhondo kaya kunali kuti, pansi pake n'kulemba kuti "a ndalama safa ndi nkhondo aise". Anthu kuseka. Ine ndinayamba kutayipa yankho, linatalika mpaka ndinafufuta, nde ndati bola ndilembe kuno chifukwa nkhani ya majeti othawira nkhondoyi inandisowetsapo tulo masiku 12 athunthu.

Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ndimakhala ku Nairobi, ndimagwira pa kampani ina yogulitsa mapampu ndi zipangizo za ulimi wothirira. Ntchito yanga ndi ya matikiti, maviza, mahotela, galimoto, zonse zokhudza kuyenda kwa anthu athu. Mu 2023 tinali ndi ofesi ku Khartoum, likulu la dziko la Sudan, anthu 6 obwera ndi ena 11 a ku Sudan komweko.

Loweruka pa 15 Epulo ndinali ndikuchapa, foni ili pa tchaji, nditapita kukayang'ana ndinapeza ma missed call 9. Injiniya wathu wa ku Zimbabwe ananditumizira voice note, iye amayankhula motsitsa koma kumbuyo kwake kumamveka ngati munthu akumenya malata ndi hamala osapumira. Asilikali a boma a General Burhan ndi a RSF, gulu lina la nkhondo lotsogozedwa ndi Hemedti, anali atayambana, anthu omwewo amene analanda boma limodzi mu Okutobala 2021, mkangano waukulu unali woti RSF ilowe bwanji mu gulu la asilikali a boma komanso azilamula ndani. Unali mwezi wa Ramadan, anthu ambiri anali asanagule n'komwe za Eid.

Madzulo abwana anaimba ali ku Ulaya. "Pezani private jet, mtengo isakhale nkhani, mawa anthu anga akhale atatuluka." Ndisaname, kamtima kanadumpha. Ife Amalawi mawu oti jeti timawadziwira pa Falcon ya a Bingu ija imene mayi Joyce Banda anadzagulitsa mu 2013, nde ine mwana wa ku Ntcheu kuuzidwa kuti ndihayale yanga, ndinadziona ngati ndafikapo.

Lamlungu m'mawa ndinayamba kuimbira makampani a ndege za hayala a pa Wilson Airport, paja ndi pamene pamadzaza tindege ta hayala kuno. Mayi woyamba amene anandiyankha anandisiya ndifotokoze zonse bwinobwino, kenako anangofunsa kuti, "Bambo, ndege ndili nayo, oyendetsa ndili nawo, koma mukufuna itere pati?"

Funso limenelo ndi limene mnzanga wa pa WhatsApp uja sakulidziwa. Eyapoti ya Khartoum si ili ngati ya ku Lumbadzi yoti umayenda mtunda kuchoka m'tauni ayi, ili pakatikati pa mzinda, moyandikana ndi likulu la asilikali, nde nkhondo inayambira pomwepo. Tsiku loyamba lomwelo ndege ya Saudia, Airbus A330, imene imakonzekera kunyamuka kupita ku Riyadh anthu ali kale m'kati, inaomberedwa. Ndege zina zinapsera pomwe zinaimikidwa. Mlengalenga monse mwa Sudan munatsekedwa kwa ndege za anthu wamba, ndipo poti ndege zouluka m'mwamba kwambiri pa South Sudan zinkalondoleredwanso ndi a ku Khartoum nthawi imeneyo, ngakhale ongodutsa amayenera kuzungulira.

Mayi aja anandiphunzitsa sukulu yaulere pa foni, ine ndikulemba pa kuseri kwa envelopu ya bilu ya magetsi. Ndege ya hayala si minibasi yoti dalaivala akalimba mtima basi yanyamuka. Dziko lililonse limene idutse pamwamba pake liyenera kupereka chilolezo, komwe ikatere nakonso chilolezo china, ndipo amafuna mayina ndi manambala a pasipoti a wina aliyense wokwera. Pakatuluka chidziwitso chija amachitcha NOTAM choti eyapoti yatsekedwa, payiloti yemwe anganyamuke kupita kumeneko akhoza kulandidwa laisensi. Kenako pali inshuwalansi. Inshuwalansi wamba ya ndege siikhudza nkhondo, ya nkhondo imagulidwa payokha, ndipo kukangoyamba kulira mfuti eni ake amatha kuichotsa kapena kutchula mtengo woti ungoseka. Ndege zambiri si za kampani imene ikukuhayalitsayo, mwini wake ndi munthu wina kapena banki, nayenso ayenera kuvomera. Mafuta a Jet A-1 akapezeka kuti pobwerera? Oyendetsa ali ndi maola awo a lamulo, akakwana akwana, ayenera kugona kaya kunja kukuphulika chani. Ndipo umalipira pa ola, madola masauzande angapo, kuphatikizapo maola amene ndege ikuuluka yopanda munthu kubwera kudzakutenga. Kuchoka Nairobi kufika Khartoum ndi pafupifupi maola 3, nde umalipira 6.

Ndinawauza abwana zonsezi. Yankho lawo, "Yesani ena." Mabwana amaganiza kuti ayi aliyense ali ndi mtengo wake.

Nde poyesa enawo ndi pomwe ndinakumana ndi ma dobadoba ovala suti. Ambiri amene mumawaona pa intaneti ndi zithunzi za majeti okongola alibe ndege ngakhale imodzi, ntchito yawo ndi kulumikiza iwe ndi mwini ndege n'kudyapo yawo. Ena ndi achilungamo ndithu, amakuuza zoona. Koma wina, sinditchula, anandiimbira yekha kaya nambala yanga anaitenga kuti, akuti ali ndi "anthu ake" m'kati mwa asilikali, atha kutera pa Wadi Seidna, bola titumize ndalama yonse lero lomwe isanakwane 4 koloko chifukwa pali makasitomala ena akuifuna. Ndinamufunsa nambala ya pa mchira wa ndegeyo ndi satifiketi ya kampani imene ikuyendetsa. Anati atumiza pompano. Mpaka lero ndikudikira.

Wadi Seidna ndi bwalo la ndege za asilikali kumpoto kwa Omdurman, ndipo ndi pomwe maiko anadzatulutsira anthu awo sabata yachiwiri, a France, a Germany, kenako a Britain amene ananyamula anthu oposa 2,000 kupita nawo ku Larnaca ku Cyprus. Koma zinali ndege za asilikali, boma kukambirana ndi boma. Ngakhale zomwezo, pa 28 Epulo ndege ya asilikali ya C-130 ya Turkey inaomberedwa ikutera. America imene, ndi mphamvu zake zonse, inatulutsa anthu a ku embasi yake usiku ndi ma helikopita a Chinook ochokera ku Djibouti, anthu osakwana 100, ena onse anauzidwa kuti akhale kaye m'nyumba. Nde ine wa mapampu ndikatereko ndi Learjet?

Masiku akupita, anthu athu anasonkhana m'nyumba imodzi ya kampani. Magetsi kulibe, madzi a pa mpopi anasiya, amagona m'kolido kutali ndi mawindo. Netiweki imabwera mphindi 10 n'kuzimiririka theka la tsiku. Chimene chinandiopsa kwambiri sichinali mfuti n'komwe, chinali insulin. Akauntanti wathu, bambo wachikulire wa ku Kenya, ali ndi shuga, firiji inazima tsiku lachiwiri, Khartoum mu Epulo kutentha kumadutsa madigiri 40. Anakulunga timabotolo take mu sokosi yonyowa n'kuika mu mtsuko wadothi wa madzi akumwa, ananditumizira chithunzi, sokosi ya buluu ya mizere yoyera, ndikuikumbukabe. Ine ndili pa desiki ndi ma quotation 5 a ndege za mipando yachikopa, munthu moyo wake uli mu sokosi.

Mapeto ake aliyense mwa obwera aja anatuluka ndi pasipoti yake, osati ndi ndalama za abwana. Mnyamata wina wa pasipoti ya Britain anakafika ku Wadi Seidna n'kukwera ya asilikali. Injiniya wa ku India anapita ku Port Sudan, mtunda woposa makilomita 800, tingoti Blantyre mpaka Karonga koma m'chipululu ndi ma rodibuloko a anyamata a mfuti, kumeneko boma lawo linali ndi ntchito yotulutsa nzika zake yotchedwa Operation Kaveri, anawolokera ku Jeddah. Msewu womwewo ndi umene mdipiti wa galimoto za UN unadutsa, iwo anayenda maola oposa 30. Anthu a ku South Africa ndinamva kuti a Gift of the Givers anawathandiza ndi mabasi opita ku malire a Egypt. Mabasi, anthuni. Nkhondo yonse ija mfumu inali basi.

Otsala 4 tinawapezera njira ya kum'mawa, Wad Madani, Gedaref, mpaka pa boda ya Gallabat kuwolokera ku Metema ku Ethiopia. Ndikati tinawapezera ndikunama, anapeza ndi dalaivala wathu wa ku Sudan, bambo wofatsa amene pa maimelo onse a mabwana dzina lake silinatchulidwepo. Iye ndi amene anadziwa kuti basi ikunyamukira kuti poti pa depoti panali posafikika, anadziwa msewu uti uli ndi RSF m'mawa umenewo, anawauza kuti mafoni afufute zithunzi zonse ndipo ndalama agawe m'malo atatu. Mtengo wa mpando unali utakwera kangapo ndipo amafuna kashi. App ya banki imagwira ikafuna. Madola ena amene anali mu sefa ya ofesi kondakitala anawakana ati ndi akale, pepala lina la 100 analibweza chifukwa cha kadontho ka inki pakona. Kampani yokonzeka kulipira jeti, koma kutsala pang'ono kulephera basi chifukwa cha kadontho.

Pa Metema anagona panja masiku awiri kudikira za maviza, khamu la anthu a mitundu yonse. Kenako galimoto mpaka Gondar. Apa nde pamene ndege ya hayala inagwira ntchito, ndipo sindingainyoze. Mipando ya ndege za masiku onse zopita ku Addis Ababa inali yodzaza, akauntanti uja anali atayamba kusokonekera, kuyankhula zosamveka, thukuta lili kamukamu. Ndinaimbira kampani ina ya ku Addis komweko, poti ndege ya m'dziko momwemo siifuna zilolezo zodutsira malire, m'maola ochepa inali itatera. Sinali jeti n'komwe, inali King Air ya mapulopela awiri, mipando 8. Ulendo wa ola limodzi ndi mphindi pang'ono, ambulansi ikudikira. Pa ulendo wonse wa masiku 4, ndege imene abwana amaifuna tsiku loyamba ija inagwira ola limodzi lomaliza. Ola lofunika zedi, bamboyo ali moyo lero ndipo amandivutitsabe za ma risiti, koma limodzi.

Nde mnzanga wa chithunzi cha galu, sindikuti ukunama kwathunthu. Jeti imathandiza eyapoti ikakhala yotsegula koma makampani akuluakulu asiya kuuluka. Ku Beirut ku Lebanon mu Seputembala ndi Okutobala 2024 zinali choncho, ena onse anaimitsa maulendo kutsala Middle East Airlines yokha, mipando kusowa, a ndalama amahayala tindege ndi maboti opita ku Cyprus. Imathandizanso ukanyamuka mphekesera zikadali mphekesera, kapena ukafika kale dziko loyandikana nalo. Vuto ndi loti anthu sanyamuka nthawi ya mphekesera. Ife tomwe tinamva kuti RSF yasuntha asilikali ake kupita ku Merowe, kumpoto kwa Sudan, masiku angapo nkhondo isanayambe, tinakambirana pa miting'i ya Lachinayi, wina anati Sudan ndi momwe imakhalira, tinapitiriza za ma invoice. Tsiku limenelo tikiti wamba ya ikonome ikanakwana.

Pano pa ofesi ndine munthu wotopetsa. Aliyense wopita dziko la mikangano ndimamuuza kuti pasipoti isagone ku embasi kudikira viza ngati palibe chifukwa chenicheni, paja ku Khartoum anthu ambiri anatsekeredwa chifukwa ma embasi anatseka mapasipoti awo ali m'kati, a America mpaka anawononga amene anali nawo pochoka. Madola atsopano osapindika, ang'onoang'ono. Mankhwala a mwezi wathunthu. Ndipo pepala la inshuwalansi lija lolembedwa kuti adzakutulutsani pa ngozi, werengani tizilembo tating'ono, lathu linali ndi mzere woti adzatero ngati njira ilipo yotheka, nde amene amagamula kuti ndi yotheka ndi iwo omwe.

Anthu 11 a ku Sudan aja pa ma quotation onse amene ndinapempha panalibepo ngakhale mmodzi. Palibe anandiuza kuti ndiwachotse, palibenso anandiuza kuti ndiwaike, ndipo ine sindinafunse, ndinangolemba 6 pa bokosi la chiwerengero cha okwera. Dalaivala uja atawasiya anzathu pa Gallabat anabwerera, anakatenga mkazi wake, ana 4 ndi mayi ake n'kupita nawo ku Wad Madani kwa achibale poti kunali bata. Mu Disembala chaka chomwecho RSF inalowa mu Wad Madani, anathawanso. Uthenga wake womaliza umene ndili nawo unachokera ku Kassala, amafunsa ngati kampani ingamulembere kalata yoti anagwirapo ntchito zaka 9, mwina ingamuthandize kupeza ganyu yoyendetsa galimoto za mabungwe. Ndinailemba tsiku lomwelo, abwana anasayina, ndinatumiza. Ikuonetsabe tiki imodzi.