Ndasankha za kadamsana wa 1919

Masabata awiri mutu wakhala ukundizungulira ndi pepala la teremu ino. Alekichala anati mutu tisankhe tokha bola ukhudze fizikisi, filosofi ndi mbiri ya sayansi pakamodzi. Poyamba ndimafuna za Galileo koma anzanga ambiri athamangira komweko.

Loweruka ndinali kwa amalume ku Yeoville, tikudya nsima ndinawauza kuti kufupi ndi kwawoko, ku Observatory, ndi kumene Robert Innes anatulukira Proxima Centauri mu 1915, nyenyezi yoyandikana kwambiri ndi dzuwa lathu. Iwo anati "iwe mphwanga, konkuno ku Joni?" Ndikubwerera pa takisi mpamene zinandifikira kuti chaka chomwecho Einstein anamaliza general relativity, yomwe imati kuwala kwa nyenyezi kumapindika kukamadutsa pafupi ndi dzuwa.

Vuto nloti masana nyenyezi sizioneka, ndiye asayansi ofuna kuyeza kupindikako anadikira kadamsana wa dzuwa wa pa 29 May 1919. Arthur Eddington, katswiri wa zakuthambo wa ku Britain, anapita pachilumba cha Príncipe kumadzulo kwa Africa, gulu lina ku Sobral ku Brazil. Malamulo a Newton amapereka kupindika kwa ma arcsecond (timagawo tating'ono kwambiri ta digiri) pafupifupi 0.87, a Einstein 1.75. Pa 6 November ku London analengeza kuti Einstein walondola.

Koma apa mpomwe pandigwira mtima. Ku Príncipe kunali mitambo, zithunzi zabwino zinali zochepa zedi, ndipo ku Sobral telesikopu imodzi inapereka nambala yoyandikira ya Newton koma zithunzi zakezo anaziika pambali ponena kuti sizinaoneke bwino, galasi linasokonekera ndi kutentha. Mu 1980 Earman ndi Glymour, akatswiri a filosofi ya sayansi, anadzudzula zimenezi, pomwe mu 1979 akatswiri a zakuthambo a ku Royal Greenwich Observatory ku England anali atayezanso zithunzi zomwezo nkupeza nambala yopendekera kwa Einstein.

Ndiye funso langa ndi ili, wasayansi amaloledwa liti kutaya zomwe wayeza? Karl Popper, katswiri wa filosofi ya sayansi, ankatama Einstein chifukwa analosera chinthu choti chikanatha kumugwetsa, chabwino, koma ngati woyezayo ndi amene akusankha zithunzi zoti zikhale umboni, kugwako kukanachitika bwanji? Ineyo ndikuona kuti anachita bwino kuzichotsa, koma ndikufuna ndifotokoze chifukwa chake ndi masamu enieni osangoti poti mbiri inawavomereza. Ku labu nafenso timataya mfundo zikasemphana ndi mzere wa girafu, ndipo zimandisowetsa mtendere.

Lolemba ndikukapereka mutuwu kwa alekichala, kenako ku laibulale kukasaka lipoti la zomwe anayeza pa kadamsanayu lomwe Dyson, Eddington ndi Davidson analemba, la 1920.