Khadi la m'nsapato

Inu amene mukufalitsa zoti ndinalira pa msewu wa M1 wa mu Joni muno, imvani kwa mwini wake. Sindinalire. Misozi inkangogwa yokha chifukwa mutu unkagwedezeka, ndipo chimene chinanyowetsa thalauza langa ndi thobwa. Alamu anga asakunamizeni kuti anaona zonse, iwo nkhope anali ataibisa m'jekete.

Tinkachokera ku Alexandra kupita ku chinkhoswe ku Turffontein pa ka 4x4 kanga kaja mumakanyoza koma mumakabwereka mukamasamuka. Kutsogolo ine ndi mayi a kunyumba, kumbuyo apongozi amene anali atangofika kumene pa basi kuchokera ku Dedza, alamu, ndi ndowa ya malita 20 ya thobwa. Tili pa liwiro la 80, pa mlatho wosanjikizana uja wa ku Newtown, tayala lakumanzere linaponda chitsulo cholumikiza mlatho. Kaphokoso kakang'ono chabe, kha!

Abale anga, chiwongolero chinapenga. Kumanzere, kumanja, kumanzere, kumanja, galimoto yonse kunjenjemera ngati chigayo cha dizilo chikamalira chopanda chimanga. Mano anga ankawombana okha. Galasi loonera kumbuyo linazolika. Kabati ka kutsogolo kanatseguka kokha n'kulavula mapepala onse a mafaini amene ndinauza mayi kuti ndinalipira kalekale. Apongozi anayamba pemphero, koma mawu ankatuluka oduladula, "A-a-a-mbu-u-u-ye", moti sindikudziwa ngati kumwamba analimva bwino. Chivundikiro cha ndowa chinanyamuka, thobwa n'kuyamba kuwaza aliyense mosakondera, ngakhale denga linalawako. Ndipo woyendetsa taxi, munthu amene mu Joni muno sapatukira ngakhale ambulansi, anatiyang'ana kamodzi n'kutisiyira msewu wonse. Apo m'pamene ndinadziwa kuti zanga zada.

Munthu wanzeru akaona imfa amakonza za ana. Ndinakuwa kuti, "Mayi, ndikapanda kupulumuka, khadi lina lili m'nsapato, nambala yake ndi chaka chimene ndinabwera ku Joni!"

Mayi, masaya akugwedezeka chomwecho, anatembenuka pang'onopang'ono. "Khadi lina?"

Nthawi yomweyo liwiro linatsika kufika cha m'ma 30, kugwedezeka konse kunatheratu. Zii. Thobwa lokha likudontha kuchokera kudenga. Kenako mawu odekha kumbuyo: "Mwati nsapato yake iti, bambo?"

Pa zoyendetsa pokha musandinyoze. Sindinaponde mabuleki mwadzidzidzi, ndinangochotsa phazi pa moto, n'kugwira chiwongolero mpaka galimoto itadekha, ndipo odziwa amati ndi mmene zimafunikira. Matendawa amatchedwa death wobble. Amakonda galimoto zimene matayala onse akutsogolo ali pa axle imodzi yolimba, chifukwa tayala limodzi likagunda kanthu, linzake limamva, n'kubwezera, n'kumangopatsirana. Zimenezi ndazidziwa tsopano. Tsiku limenelo ndinkaganiza za anthu akumudzi.

Mawa lake mnzanga wina, katswiri wa pa Facebook, anati ndigule steering damper yatsopano, kachitsulo kochepetsa kugwedezeka kwa chiwongolero. Ndinagula. Galimoto inakhala phee kwa kanthawi, ine n'kuyamba kuyenda modzitukumula, mpaka inadzandivinitsanso pa M2 ndili ndekha, popanda womuululira chilichonse. Damper ija imangophimba matenda, siichiza.

Ndiye ndinapita kwa makaniko wina wa ku Mangochi amene ali ndi kagalaja cha ku Booysens. Mkuluyo sanagwire n'sipana yomwe. Anauza mayi kuti akhale pa chiwongolero azichipotoza uku ndi uku galimoto itaima, ife awiri n'kugona pansi pake. "Onani apa, achimwene." Panhard rod, chitsulo chimene chimagwira axle kuti isamasunthire m'mbali, chinkasewera poonekeratu. Bushi yake inali itadyeka, ndipo bawuti yomasuka inali itakulitsa bowo lake. Anaikweza pa jeke, n'kugwira tayala pamwamba ndi pansi kuligwedeza kuti amve ma bearing, kenako m'mbali kuti amve ma tie rod, zitsulo zolumikiza chiwongolero ndi matayala. Imodzi inayankha kuti khwekhwe. Atavula matayala, m'kati mwa malimu munali matope ouma a ku Hennops, malo osewerera ma 4x4, kumene ndinapita kamodzi kokha kukajambulitsa. Matopewo okha ankakwanira kusokoneza balansi.

Kenako anafunsa amene anaikweza galimoto. Ndinati inabwera choncho. Mayi ali pa chiwongolero anatsokomola. Chabwino, ndinaikweza ndi mamilimita 50 okha, ndipo galimoto yaifupi sipatsa ulemu pa tchalitchi. Mkuluyo anati ukaikweza osakonza caster, kupendekeka kuja kumene kumabwezera matayala pakati ukamaliza kukhota kumachepa, chiwongolero chimapepuka n'kuyamba kuyendayenda. Anasintha mabushi ndi tie rod, mabawuti anamanga galimoto itatsika pa jeke kuti mabushi asapotoke, n'kutitumiza kokabalansa matayala ndi kuchita alayimenti.

Pofika polipira, ine ndikusisita m'matumba, mayi anatulutsa khadi m'chikwama chawo. Khadi lomwe lija. Nambala anailemba osayang'ana n'komwe, n'kuuza makanikoyo kuti awonjezerepo ya fanta.

Galimoto pano ikuyenda bwino, pa mlatho paja ndimadutsa ndi dzanja limodzi, ngakhale alamu amafuna kutsika tisanafike. Fungo la thobwa m'mipando likadalipo, kukatentha limabwera ndi mphamvu. Apongozi anabwerera ku Dedza ndi bulangete latsopano ndi mapoto awiri, sindinafunse kuti wagula ndani. Amene mukusamuka mwezi uno, petulo muzithira nokha.