Gawo 99 ndi mlandu umene udatha popanda chigamulo

Sabata ino pa phunziro la malamulo oyendetsera dziko tinali pa mphamvu za mkulu wozenga milandu ya boma, amene ambiri timangoti DPP. Gawo 99 limamupatsa mphamvu yoyambitsa mlandu, yotenga mlandu umene wayambitsidwa ndi wina, komanso youthetsa chigamulo chisanaperekedwe. Yachitatuyi ndiyo yandikhalitsa pansi, chifukwa ikakhudza munthu wandale, dziko lonse limagawikana.

Chitsanzo chimene ndachiwerenga kwambiri ndi cha a Bakili Muluzi. Bungwe lolimbana ndi katangale la ACB lidawamanga koyamba mu 2006, milanduyo n'kuthetsedwa. Mu February 2009, kutatsala miyezi itatu kuti anthu akavote, adamangidwanso powaganizira kuti adapatutsa K1.7 biliyoni ya thandizo lochokera kunja. Mlanduwo udayenda pang'onopang'ono, nthawi zina chifukwa cha matenda, nthawi zina chifukwa cha mikangano ya maloya pa lamulo lenilenilo, mpaka mu May 2023 pamene DPP Masauko Chamkakala adauthetsa. Zaka 14, ndipo maboma anasinthana kangapo m'katimo.

Ine sindikunena kuti a Muluzi adalakwa kapena sadalakwe. Vuto n'lakuti amene ali ndi udindo wotiuza zimenezo ndi bwalo la milandu, ndipo bwalo silidafike pamenepo. Amene ankati kumangidwako kunali ndale chabe akadali ndi maganizo awo, amene ankati ndalama zidabedwa akadalinso ndi awo. Ngati munthuyo anali wosalakwa, adasenza dzina la wakuba zaka zonsezo pachabe, pamene gawo 42 limati woimbidwa mlandu aziyesedwa wosalakwa ndiponso aweruzidwe nthawi isanatalike mopitirira muyeso. Ngati anali wolakwa, eni ndalama, omwe ndi ife, sitidaone chilungamo. Mbali zonse ziwiri zidaluza, ndipo izi zimandipweteka mtima.

Poyamba munthu ukamamva za ulamuliro wa malamulo umaganiza kuti nkhani ndi yakuti akuluakulu nawonso azimangidwa, monga gawo 12 likunenera kuti palibe munthu kapena bungwe limene lili pamwamba pa lamulo. Zimenezo n'zoona, koma kumanga n'kosavuta. Lamulo limayesedwa pa zimene zimatsatira: kodi womangidwayo waonekera kukhoti pasanathe maola 48? Kodi umboni udasonkhanitsidwa asanamangidwe, kapena akuufunafuna ali kale m'chitokosi? Kodi liwiro la mlandu likusintha munthu akagwirizana kapena akayambana ndi boma? Ngakhale ofufuza enieniwo safunika kugona ndi mantha. Pa 6 December 2022 apolisi adamanga mkulu wa ACB, mayi Martha Chizuma, m'bandakucha n'kupita nawo ku Namitete, ndipo mwezi wotsatira DPP Steven Kayuni, amene adakadandaula kupolisiko, adachotsedwa paudindo. Maofesi awiri oyenera kukokera limodzi anali akukokanakokana.

Chimene chandipatsa chiyembekezo ndi kachiganizo kakang'ono m'gawo 99 momwemo: DPP akathetsa mlandu ayenera kupereka zifukwa ku komiti yoona za malamulo ya Nyumba ya Malamulo pasanathe masiku 10. Olemba malamulo athu adaona patali kuti mphamvu imeneyi isamagwiritsidwe ntchito mumdima. Mu nkhani imene ndikulembera aphunzitsi ndikufuna kutsindika kuti zifukwazo zizifikanso kwa anthu wamba, m'Chichewa ndi m'zilankhulo zina, osangothera m'chipinda cha komiti.

Mu 2022 aphungu adasintha lamulo lothana ndi katangale kuti ACB isamadikirenso chilolezo cha DPP isanayambe kuzenga mlandu. Komabe mphamvu yothetsa mlandu ili m'malamulo oyendetsera dziko, ndiye sidakhudzidwe. N'chifukwa chake mlandu wa malemu a Saulos Chilima, amene ACB idawamanga mu November 2022, nawonso udathetsedwa ndi DPP mu May 2024 bwalo lisanagamule.